Malonje a Wokwera Mthuthuthu



Makolo athu adali anthu okonzekera mavuto aakulu. Pamudzi pakagwa zovuta mwambo wake ulipo: uthenga umapita kwa amfumu, adzukulu a kumanda amanyamula makasu, amayi amasonkha ufa ndi nkhuni, ndipo anamfedwa sagona okha. Anthu akalimbirana malire a munda, bwalo lilipo. Banja likagwedezeka, ankhoswe alipo. Koma tandiuzani, ndi mfumu iti ingaitanitse bwalo kaamba koti njinga yamoto yakana kulira m'mawa? Ndi nkhoswe iti ingayende mtunda kaamba koti sipanala yasowa pamene mwini adaisiya? Timavuto totere tilibe bwalo, tilibe nkhoswe, tilibenso wobwera kudzapepesa. Munthu amatisenza yekha, ndipo poti n'tating'ono amachita manyazi kutitchula pagulu. Lero ndafuna kuti ticheze za timavuto timeneti, chifukwa nyumba zambiri zimene ndaziona zikugwa pa moyo wanga zidadyedwa ndi chiswe, mphepo idangobwera kudzamaliza.

Mwambi woti pang'onopang'ono ndi mtolo tidazolowera kuunena polimbikitsa munthu wosunga ndalama kapena wolima munda waukulu yekha. Koma mtolo susankha nkhuni. Monga momwe timitengo totola m'njira timasandukira mtolo wophikira nsima, timikwiyo totola kuyambira m'mawa timasandukanso mtolo wothyola khosi pofika madzulo. Tiyeni tiumasule mtolowu kuti tione timitengo take, kuyambira ta kuntchito.

Inu amene mudabadwa pambuyo pa 1994 mudapeza sukulu za pulayimale zili kale zaulere. Ife tidaona tsiku limene zitseko zidatsegulidwa. Boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi m'chaka chimenecho, chiwerengero cha ana m'dziko muno chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, ndipo boma lidalemba aphunzitsi zikwizikwi amene adali asanapite ku koleji ya uphunzitsi. Chidali chinthu chabwino chimene tonse tinkachilira, ndipo walira mvula walira matope. Makalasi adasefukira mpaka pansi pa mitengo ya mango. Vuto limenelo lidali lalikulu, ndipo poti lidali lalikulu tidalikhalira pansi: komiti ya sukulu idakumana, amfumu adalamula kuti mudzi uliwonse uumbe njerwa, ndipo mutu umodzi sudasenze denga.

Zimene zinkandiyeretsa tsitsi zidali zina. Belu lathu lidali limu ya galimoto yopachika pamtengo, ndipo kachitsulo koimbira kankasowa Lolemba lililonse. Choko chinkatha pa tsiku limene alendo oyendera sukulu akubwera. Kiyi wa kabati ya mabuku ankapita kumaliro m'thumba la mphunzitsi, n'kukhala kumeneko masiku atatu. Mbuzi za m'mudzi zinkagona m'kalasi ya Sitandade 2, ndipo phunziro loyamba la m'mawa lidali tsache. Kalata yochokera ku boma yofuna chiwerengero cha ana "pofika Lachitatu" inkafika Lachinayi, itayenda m'manja mwa anthu asanu. Pa nthawi yotumiza mayina a ana a Sitandade 8 olemba mayeso, kholo linkabwera tsiku lomaliza n'kunena kuti dzina limene tidalemba zaka zisanu ndi ziwiri ndi lapaubwana, mwanayo adapatsidwa lina atavinidwa. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene munthu angalire nacho. Mphunzitsi wamkulu amangomeza, n'kumwetulira, chifukwa ana mazana angapo akumuyang'ana kumaso. Zomezazo sizipita kutali. Zimakhala m'chifuwa kudikira nthawi yoweruka.

Tsono poweruka padali mthuthuthu. Wanga udali Yamaha DT 125 umene ndidagula kwa mlangizi wa zaulimi wina pamene ankapuma ntchito. Masiku amenewo njinga zamoto kumudzi zidali zowerengeka: ya mlangizi, ya abambo a ku parishi, ya wa zaumoyo, ndipo pambuyo pake za ma PEA amene ankayendera sukulu kuchokera ku ma TDC. Ana akamva kulira kwake ankadziwa mwini asanamuone. Anthu oyenda pansi ankationa ngati mabwana, koma chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere.

Nyerere yoyamba idali pulagi. Injini ya njinga ya mtundu umenewu imawotcha oyilo pamodzi ndi petulo, n'chifukwa chake imatulutsa utsi wotuwa kumbuyo. Oyiloyo amasiya mwaye pa pulagi, ndipo mwaye ukachuluka moto sutuluka. Kuno ku Dedza, kumene boma lili pamtunda wopitirira mamita 1,500, m'mawa wa mu Juni ndi Julayi petulo safuna kugwira moto. Munthu umaponda kiki kakhumi, kamakumi awiri, utavala jekete ndi tayi, thukuta lili kamukamu pamene anzako akuwotha moto. Ukamasula pulagi kuti uipale, zala zouma ndi chisanu zimaigwetsa mu udzu. Nthawi yonseyo ana a pamudzi aima mozungulira, ali chete, maso ali tong'o, ndipo wina wamng'ono amafunsa mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, kodi yafa?"

Nyengo iliyonse idali ndi nyerere yake. Mu Seputembala ndi Okutobala fumbi limatseka sefa ya mpweya, injini imabanika, ndipo petulo amatha msanga. Fumbi lomwelo likasakanikirana ndi oyilo wa pa tcheni limasanduka ngati mchenga wotsukira mapoto, n'kumadya tcheni ndi mano a sipuloketi. Tcheni ikakhwepa imasankha pamtunda pokwera kuti iguluke. Lole ikakudutsa pamsewu wafumbi umafika kumsonkhano nsidze zili mbuu ngati wochokera kuchigayo. Mu Januwale ndi Febuluwale matope a makande a m'madambo amamatirira pakati pa tayala ndi madigadi mpaka gudumu limaleka kuzungulira, ndipo umatsika n'kumakolokosa ndi kamtengo mvula ikukukwapula pamsana. Katondo akanyowa amaterera ngati therere. Minga ya mthethe ndi misomali yogwa m'ngolo sizidziwa nyengo. Chubu chimabooka pamalo pamene womata ali kutali kutsogolo ndiponso kutali kumbuyo, ndipo njinga imene imakunyamula ngati nthenga imalemera ngati ng'ombe ukamaikankha. Pamenepo ndi pamene woyenda pansi amene udamuthira fumbi amakupeza, n'kukupatsa moni waulemu kwambiri. Adanena akulu kuti ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame.

Za mafuta ndiye musanene. M'zaka za 2011 ndi 2012, pamene ndalama zakunja zidasowa m'dziko muno, tinkagona pamizere ya petulo, ndipo mizere ija idabweranso mu 2022 ndi zaka zotsatira. Pampu zikauma, anthu amathamangira petulo wa m'zigubu wa m'mbali mwa msewu. Wina amakhala wabwino, wina amakhala ndi madzi. Madzi ndi olemera kuposa petulo, motero amakhazikika pansi pa thanki ndi pansi pa kabureta. Njinga imayenda bwinobwino mpaka utachoka pa anthu, kenaka imayamba kutsokomola, n'kuzima pakati pa tchire. Zipangizo nazo zimachokera kunja, kotero kwacha ikagwa, monga idagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tayala ndi tcheni zimakwera mtengo usiku umodzi. Kunena zoona, mvula ikakuona litsiro sikata.

Mungaganize kuti munthu akafika pakhomo wapuma. Pakhomo pali timitengo take. Njinga yamoto pamudzi si ya mwini yekha. Ndi ambulansi ya usiku, ndi basi ya alamu, ndi ngolo ya apongozi. Ukangoti mawa ndipita ku boma, madzulo omwewo pakhonde pamadzaza: uyu akufuna mchere, uyu mankhwala a mbuzi, uyu kalata ikaponyedwe, uyu thumba la feteleza limangidwe kumbuyo, ndipo ndalama yake "tidzaonana mukabwera". Msuweni amabwereka njinga kuti angofika pa Linthipe pomwepa, n'kubwera nayo dzuwa litalowa, thanki ili gwa, galasi limodzi palibe, iye ali ndi nkhani yaitali ya galu amene adadutsa pamsewu. Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Ukakana kubwereketsa, mbiri imamveka mudzi wonse kuti aphunzitsi ayamba kunyada.

Ana nawo ali ndi ntchito ndi chilichonse cha pa njinga. Chubu chosungira ndi malegeni khumi. Waya wa buleki ndi chiwongolero cha galimoto yamawaya. Kavalo ka tayala n'kosangalatsa kukadina chifukwa kamalira ngati njoka. Sipanala ya nambala 10, imene imamasula pafupifupi chilichonse pa njinga, imakapezeka patapita mwezi ili kukhitchini, ikugwira ntchito yotsegulira chitini. Masiku ano pawonjezeka zina: tchaja cha foni chimene chimayenda chokha nyumba ndi nyumba, mdzukulu amene amangoflasha kuti agogo ndiwo aimbe, ndi magalasi owerengera amene amasowa nthawi imene uthenga wofunika wafika. Zonsezi ndi za anthu amene timawakonda, ndipo n'chifukwa chake zimaluma kwambiri. Munthu wa kumsewu akakuputa umamusiya kumsewu komweko, koma wa pakhomo mudya naye mbale imodzi madzulo.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Mwambi woti moto umapita kumene kwatsala tchire timaunena kawirikawiri pochenjeza kuti chimene chagwera anzathu chikubwera kwa ife otsala. Ine ndimaumvanso mwa njira ina. Mkwiyo ndi moto, ndipo suyaka pamene udayambira ngati pamenepo palibe udzu. Sungakalipire kalata yochedwa. Sungakalipire bwana amene wasintha tsiku la msonkhano osakuuza, chifukwa ntchito ungaisiye pomwepo. Pulagi ilibe makutu, ndipo woyendetsa lole uja ali kale kutali. Motero moto umayenda nawe m'chifuwa kufunafuna udzu wouma, ndipo umaupeza pakhomo: mkazi amene wachedwa kupereka madzi osamba, mwana amene wasiya nsapato pakhomo, galu amene wabwera kudzakulandira. Amene amapsa amakhala amene sangabwezere, ndipo kawirikawiri sadziwa n'komwe kumene motowo wachokera.

Ndidali ndi mnzanga, mphunzitsi wamkulu wa sukulu yoyandikana ndi yathu, munthu wofatsa ndi wopatsa. Ankalera mwana wa mlongo wake monga amachitira malume aliyense wodziwa udindo wake pakati pa ife Achewa, ndipo mnyamatayo adali wanzeru m'kalasi. Tsiku lina mnzangayo adadzuka m'bandakucha kupita kumsonkhano ku boma, n'kukapeza kuti adausuntha. Pobwerera tayala lakumbuyo lidaphwa, womata adali atapita kumsika, ndipo adakankha njinga mtunda wautali dzuwa lili paliwombo. Atafika pakhomo adapita molunjika pamene adapachika chubu chosungira, n'kupeza chitalengedwalengedwa. Mphwake uja adali atadulako malegeni. Mnzangayo sadamumenye. Adangonena mawu ochepa pamaso pa ana ake, oti pakhomopo si pa bambo ake a mnyamatayo ndipo palibe adamuitana. Sabata isanathe mnyamata adanyamuka osatsazika kupita kukagwira ntchito ku maesiteti a fodya ku Kasungu, ali mu Sitandade 7, ndipo kusukulu sadabwererenso. Mtengo wa chubu chija sudafike pa mtengo wa nkhuku. Mnzangayo adamulondola kawiri konse, koma madzi akatayika saoleka. Mlongo wake adakhala zaka zambiri osaponda pakhomo pake. Mawu aja adali a msonkhano wosunthidwa, a msomali wa pamsewu ndi a dzuwa, koma adagwera pa mwana.

Pali chinthu china chimene ndachisinkhasinkha za njinga yamoto. Atate anga akapita ku boma ankayenda pansi. Akakwiyitsidwa kumeneko adali ndi maola atatu kapena anayi a m'njira. Ankapatsa moni aliyense wokumana naye, ankaima pachitsime kupempha madzi, ankakhala pamthunzi kufwenkha fodya ndi mnzawo, ndipo nkhani ya ku boma ankaifotokoza kanayi asanafike. Pofika pamudzi idali itasanduka nthabwala. Njinga yamoto imadula ulendo womwewo kukhala theka la ola. Mutu uli m'chipewa chotseka makutu, moni ndi hutala, ndipo palibe woyankhula naye. Munthu amafika pakhomo mkwiyo uli wamoto monga adautolera. Liwiro limene tidaligulira njinga ndi lomwelo limene limatilanda nthawi yozizira.

Makolo adali ndi mankhwala a zimenezi, ngakhale sadawatchule kuti mankhwala. Dzina lake ndi malonje. Munthu wochokera kuulendo akati "Odi!", eni nyumba amayankha kuti "Odini, fikani!", ndipo ana amathamanga kukamulandira katundu. Taonani kuti chinthu choyamba ndi kumutula. Kenaka amamuyalira mphasa kapena kumupatsa mpando pamthunzi. Munthu sapatsidwa moni ali chiimire, ndipo sauzidwa nkhani ya pamudzi thukuta lisanaume. Amamupatsa madzi kapena thobwa. Pamakhala kanthawi kachete kamene achinyamata a lero angakaone ngati kotaya nthawi. Pambuyo pake eni nyumba amabwera mmodzimmodzi kudzapereka moni, n'kufunsa kuti, "Mwayenda bwanji? Nanga kumene mwachokera mwasiyako bwanji?"

Funso limeneli silidali la mwambo chabe. Wofunsidwa ankayamba kuyambira pamene adadzukira, n'kufotokoza ulendo wonse mwatsatanetsatane: mtsinje umene adapeza utadzaza, munga umene udamubaya, munthu wamwano amene adakumana naye pamsika. Omvera ankavomera ndi "Eee", "Ogo!", "Pepani", ndipo palibe ankamudula pakamwa. Akamaliza, wamkulu wa pakhomo ankabwereza mwachidule kwa ena amene afika mochedwa, kenaka eni mudzi ankaperekanso awo malonje a zimene zachitika iye kulibe. Ngati panali nkhani yowawa, monga mbuzi yalowa m'munda kapena mwana waswa mtsuko, inkabwera pamapeto, munthu atapuma, atamwa madzi, ndipo atamvedwa. Limeneli ndilo lidali bwalo la timavuto tating'ono. Mlandu wa munga ndi wa dzuwa unkazengedwa pamphasa, chigamulo chake chidali "pepani" ndi kuseka, ndipo unkathera pomwepo.

Agogo anu aakazi adaudziwa bwino mwambo umenewu, ndipo adauveka malaya atsopano. Njinga yanga adaipatsa dzina loti "mkazi wamng'ono", ati chifukwa inkadya ndalama zambiri kuposa iwo ndipo ndinkaisisita Loweruka lililonse. Akamva kulira kwake kumsewu ankauza ana kuti atulutse mpando ndi madzi, ndipo adaletsa mwana aliyense kundiuza vuto la pakhomo chipewa chili kumutu. Ndikakhala pansi ankagwada pambali n'kufunsa kuti, "Mwayenda bwanji bambo? Nanga mkazi wamng'onoyu lero wakuchitani zotani?" Munthu sungayankhe funso lotere nkhope ili gwa. Ndinkayamba kufotokoza za pulagi yogwera mu udzu ndi mwana wofunsa ngati yafa, ana ankagubuduka ndi phwete, ndipo pofika pa nkhani ya kalata yochedwa ndinkapeza kuti m'chifuwa mwapepuka. Zikatero ndi pamene ankati, "Tsono kuno nako kuli kankhani", ndipo kankhaniko kankapeza munthu woti angakamve.

Mwambo wathu udasiyanso makomo ena otulutsira utsi. Pachisuweni anthu amanyozana momasuka popanda mlandu, kotero msuweni wobweza njinga yopanda galasi ungathe kumunena pagulu kuti ndi mfiti yodya magalasi, onse n'kuseka, iye n'kumva ndithu kuti agule lina. Agogo ndi mdzukulu amaseleulana ngati anthu a msinkhu umodzi, mpaka agogo aamuna kumatcha mdzukulu wamkazi kuti mkazi wanga. Mwana amene waopa kuuza atate ake kuti wataya sipanala amakauza agogo, ndipo agogo amadziwa nthawi yabwino yoifikitsira nkhaniyo. Makolo adadziwa kuti anthu okhala pamodzi amapondana zala, motero adakonzeratu anthu amene ungawadandaulire moseka.

Sindikunena kuti chokwiyitsa chilichonse n'chongoseka. Pali timavuto tina timene ndi amithenga. Tcheni ikayamba kulira, buleki ikayamba kulowa kwambiri, tayala likayamba kusalala, zimenezo sizifuna nthabwala, zimafuna sipanala lero lomwe. Papsa tonola, sudziwa mtima wa moto, ndipo zengerezu adalinda kwawukwawu. Pabanja n'chimodzimodzi. Ngati m'bale wazolowera kubwereka osathira mafuta, muuzeni mwaulemu tsiku limene mitima ili pansi kuti njinga imatuluka ndi petulo wa wokwera. Ngati ana amatenga zida, khomani bokosi, ndipo chubu chakutha muwapatse nokha kuti adule malegeni. Nkhanga zidapangana kusanapse. Nzeru yagona pa kusiyanitsa kavuto kofuna kukonza ndi kavuto kofuna kungofotokoza, ndipo munthu wotopa ndi wanjala sangathe kusiyanitsa. N'chifukwa chake mpando ndi madzi zimayamba.

Ndalemba zimenezi makamaka chifukwa cha inu adzukulu anga amene njinga yamoto ndi khasu lanu. Kuyambira m'zaka za m'ma 2010 kabaza wa njinga zamoto wadzaza m'matauni ndi m'misika ya kumidzi, ndipo ena mwa inu mumadyera momwemo. Timavuto tanu timaposa tanga. Kasitomala amatsika n'kunena kuti alibe ndalama yosintha, wina amakuyendetsani mtunda wowirikiza pa mtengo umene mudagwirizana, minibasi imakukankhirani kunja kwa tala, ndipo mwini njinga akudikira ndalama yake madzulo kaya kwagwa mvula. Ine mkwiyo wanga unkadikira kufika pakhomo, koma wanu uli ndi potulukira pafupi kwambiri, pa dzanja lamanja limene limapotokola moto wa njinga. Munthu wokwiya amapotokola kwambiri, amadutsa pamene sakuona kutsogolo, ndipo amaiwala kumanga chipewa chimene lamulo la pamsewu limafuna. Zipatala zazikulu za Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre zimalandira anthu ambiri othyoka mafupa pa ngozi za njinga zamoto. Kuthamanga sikufika. Kasitomala akakuputani, imani pamthunzi, zimitsani injini, fotokozerani anzanu a pasiteji mpaka museke, kenaka nyamulani wina. Mphindi zisanu zimenezo n'zotsika mtengo kuposa chikhakha.

Inunso a m'maofesi ndi a m'masitolo, amene mumabwera ndi minibasi kapena galimoto, nkhaniyi ikukukhudzani. Foni yatilanda malonje. Munthu amalemba kuti "ndafika" ali pageti, amalowa m'nyumba maso ali pa foni, ndipo a m'nyumba nawo maso ali pa wailesi yakanema. "Mwaswera bwanji" wasanduka mawu oponyerana m'njira, ndipo yankho lake ndi "bwino" ngakhale tsiku lidali la minga yokhayokha. Mtolo uja umalowa m'nyumba osatulidwa, n'kukagwera pa mbale yosatsuka kapena pa homuweki ya mwana.

Pempho langa ndi laling'ono, lolingana ndi timavuto timene takambirana. Wokwera njinga, zimitsa injini usanalowe pabwalo, uikankhe mapazi ochepa otsalawo, uvule chipewa, ukhale pansi usanafunse kanthu kalikonse. Wa pakhomo, landira katundu, pereka madzi, funsa kuti mwayenda bwanji, ndipo udikire yankho lonse ngakhale likhale la pulagi ndi fumbi. Nkhani ya mtsuko wosweka idikire. Mwambi umati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo ukulu umenewu suyembekezera imvi. Mwana wa zaka khumi amene watulutsira atate ake mpando, n'kukhala pansi kumvetsera za tayala lophwa, wagwira ntchito ya dambo tsiku limenelo.

Mukabwera kudzandiona pa tchuthi, musadabwe ndikakukhazikani pamphasa n'kukufunsani ulendo wonse kuyambira pa depoti. Mudzafotokoze zonse, ngakhale za kondakitala amene sadakubwezereni chenji. Agogo anu nthawi ali nayo.

Tsalani bwino, tidzachezanso.